Ambirife tinamvera pa WhatsApp, osati pa wailesi

A mtolankhani, mwalemba kuti Amalawi anadziwa za kusowa kwa ndege ya a Saulos Chilima, omwe anali wachiwiri kwa pulezidenti, pamene a Pulezidenti Chakwera analankhula usiku wa pa 10 June 2024. Ayi ndithu, ambirife tinali titamva kale masana. Chomwe chinkatidya mumtima n'chakuti aliyense ankanena zake.

Ine ndinali kuntchito. Mnzanga anandionetsa foni, wina atalemba pa gulu la WhatsApp kuti ndege yomwe inanyamuka ku Lilongwe m'ma 9 koloko m'mawa sinatere ku Mzuzu. Ndinangoti ndi mabodza a pa Facebook awa. Pofika madzulo mauthenga anali mbwee, uyu akuti yatera kwina bwinobwino, uyo akuti wina wa m'ndegemo wayankha foni. Mayi anga anandiimbira katatu, funso lake lomwelomwelo: "Mwanawe, wamvapo chiyani?" Ndinalibe chowauza.

Usiku umenewo tulo tinalibe. Wailesi ili pa tebulo, batire la foni likutha, maganizo onse ali ku nkhalango ya Chikangawa komwe ankaisaka ndegeyo, nkhungu ija ndi kuzizira kwa mu June. Mawa lake atalengeza kuti palibe wapulumuka, bambo wina woyandikana nafe anangozimitsa wailesi yake n'kukhala pansi pakhonde, chipewa chili m'manja. Sanalankhule ndi munthu mpaka kunada.

China chomwe mwasiya: anthu 9 omwe anali m'ndegemo ankapita ku maliro a Ralph Kasambara, nduna yakale ya zachilungamo, ndipo mayi Shanil Dzimbiri, omwe anakhalapo mkazi wa a Bakili Muluzi, analinso momwemo. Mayina a enawo muziwatchulanso, nawonso anasiya mabanja.

Anzanga owerenga, inu uthengawu unakupezani muli kuti?