Chingwe cha pa Matterhorn: a Taugwalder anawalakwira

Abale anga, nkhani iyi imandiwawa nthawi zonse ndikaikumbukira. Pa 14 July 1865, amuna asanu ndi awiri anafika pansonga pa Matterhorn, phiri lalitali mamita 4,478 m'malire a Switzerland ndi Italy. Pamenepo panali pasanapondepo munthu. Potsika, anayi anafa.

Taganizirani zomwe anali nazo. Majekete ndi mathalauza aubweya, nsapato zachikopa zokhomedwa misomali kunsi kuti zigwire pathanthwe, ndi nkhwangwa yosemera popondapo pa madzi oundana. Chingwe chinali chopota ndi luzi la zomera, chongomanga m'chiuno basi. Zingwe za nayiloni zinadzabwera patapita zaka pafupifupi 80.

Douglas Hadow, mnyamata wazaka 19 amene zokwera mapiri anali atangoziyamba kumene, anaterereka n'kugwetsa Michel Croz, wowatsogolera wa ku Chamonix m'dziko la France. Awiriwo anakoka Charles Hudson ndi Lord Francis Douglas. Chingwe chinaduka pakati pa Lord Francis Douglas ndi bambo Peter Taugwalder, wowatsogolera wina wa ku Zermatt, mudzi wa m'tsinde mwa phirilo. Anatsala ndi bamboyo, mwana wawo, ndi Edward Whymper, wokwera mapiri wa ku England. Mtembo wa Lord Francis Douglas sunapezeke mpaka lero.

Kenaka mphekesera zinafala zoti a Taugwalder anadula chingwecho ndi mpeni kuti apulumuke. Ine ndimakana zimenezo. Anthu anayi akugwa m'kuphethira kwa diso, iwe wakakamira thanthwe ndi manja onse awiri, mpeni ungautulutse nthawi yanji? Ofufuza ku Zermatt sanawapeze ndi mlandu, koma mbiri yawo inali itaipa kale.

Sindikubisa, pa zingwe zitatu zomwe gululo linatenga, iwo anamangira chofooka kwambiri, chomwe chinali chongosungira. Apo analakwitsa. Koma nanga amene anabweretsa mnyamata wosazolowera paphiri loopsa chonchi ndani? Anali Hudson, ndipo anzake a ku Britain anavomera. N'chifukwa chiyani zala zambiri zinaloza wolembedwa ganyu wa m'mudzimo, pamene Whymper dzina lake linkamveka dziko lonse? Ndipo chingwecho chikanakhala cholimba, mwina onse asanu ndi awiri akanathera kuphompho.

Chidutswa chake chikusungidwabe ku Zermatt, m'nyumba yoonetsera zinthu zakale. Kayang'aneni chithunzi chake pa intaneti. N'kachingwe kowonda, konga koyanikira zovala, konyenyeka ulusi pomwe kanadukira.