Denga lafulati kumalo a mvula yambiri: tiyambe takambirana za madzi

Anthu akamakambirana zomanga denga lafulati popanda konkire wa masiku onse, mkangano umathera pa zipangizo. Uyu akuti dothi, uyu nsungwi, winayo khonje wosakaniza ndi simenti. Koma funso loyamba amalidumpha: madzi a mvula achokapo bwanji pamwambapo, ndipo atenga nthawi yaitali bwanji?

Tiwerengetsere. Mvula ya mamilimita 50, yomwe kumadera otentha a mvula yambiri imatha kugwa masana amodzi okha, ikagwera pa denga la mamita 10 mbali zonse ndiye kuti pathiridwa malita 5,000. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye ndi matani 5 amenewo. Paipi yotulutsira madzi ingotsekeka ndi masamba, katundu yenseyo watsalira pamutu pa anthu ogona m'katimo.

N'chifukwa chake za denga ladothi ine ndimakana ndithu. Zithunzi za nyumba za ku Timbuktu ndi ku Djenné m'dziko la Mali n'zokongola, palibe angatsutse, koma kumeneko mvula ndi yochepa ndipo dzuwa limaumitsa dothi msanga. Ngakhale kuli kouma choncho, mzikiti waukulu wa ku Djenné amaumata chaka ndi chaka. Nanga kumene mvumbi umatha sabata yathunthu? Dothi limamwa madzi, limalemera, mitanda yolinyamula nkuyamba kuwola, chiswe nacho chapeza njira.

Nsungwi m'malo mwa zitsulo nazo zimanyenga. N'zolimbadi, koma mukaziika mu konkire wamuwisi zimamwa madzi nkufufuma, kenako zikauma zimanyala, pakati pa nsungwi ndi konkire pamatsala kampata. Kugwirana kwatha pamenepo, ndipo maso sangaone chifukwa zili m'kati. Khonje naye simenti imamudya pang'onopang'ono mpaka ulusi wake umafumbutuka. Pa kakhumbi kapena khonde palibe vuto. Koma pogona ana, ayi.

Amene ndimamuvulira chipewa pa nkhaniyi ndi Laurie Baker, katswiri wojambula mapulani a nyumba wobadwira ku England, amene anakhala zaka zambiri ku Kerala m'dziko la India mpaka anamwalira mu 2007. Ku Kerala kumagwa mvula pafupifupi mamilimita 3,000 pachaka, choncho njira zake zinayesedwa ndi mvula yeniyeni. Iye sanataye zitsulo kapena simenti. Anaona kuti m'munsi mwa silabu, lomwe ndi denga lothira konkire, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi zitsulo, ndipo konkire wa pakati pa zitsulozo amangowonjezera kulemera. Ndiye poyala zitsulo, m'mipata yake ankayalamo matailosi adongo ofolerera nyumba, awiriawiri movundikirana, nkuthira konkire pamwamba. Simenti imalowa yochepa, denga limapepuka, ndipo mpweya wotsekeredwa pakati pa matailosiwo umachepetsa kutentha. Mukayang'ana kudenga muli m'nyumba, mumaona matailosi ofiira atandandalika m'mizere, osafunanso siling'i. Kusunga ndalama kwanzeru ndi kumeneko: kuchotsa chopanda ntchito, osati chonyamula denga.

Komabe ngakhale silabu ya mtundu umenewu idzadontha ngati mmisiri waiyala mowongoka ngati tebulo. Denga lafulati labwino limakhala lopendekeka pang'ono, masentimita 2 kapena 3 pa mita iliyonse, kulowera kumene kuli mapaipi. Mapaipiwo akhale aakulu, asakhale amodzi, ndipo pa kakhoma kozungulira denga paboolidwe zibowo zopulumukira madzi mapaipiwo akatsekeka. Madzi akadikha pamwamba amalowa m'timing'alu, amafika pa zitsulo, dzimbiri limatupa nkuphulitsa konkire. Poyamba mumangoona kadontho kachikasu pa utoto ndi kafungo ka chuku, pakapita zaka chibenthu cha konkire chagwa, chitsulo chili poyera.

Za udzu ndi maluwa padenga, zimene zatchuka masiku ano, musaiwale kuti dothi lonyowa lokhuthala masentimita 10 limaposa makilogalamu 100 pa sikweya mita iliyonse, ndipo mizu siiona phula lotchingira madzi ngati malire. Injiniya awerengeretu zimenezo maziko asanakumbidwe.

Ndipo ngati simukufuna kumakwera padengapo kukayanika zovala, kuikapo thanki kapena kudzamanga chipinda china m'tsogolo, ndiye mukulifuniranji lafulati? Folerani ndi malata opendekeka, mutulutse nsonga zake kutali ndi khoma, madzi azigwera pansi okha.