Akuti ife a ku Joni tinagulitsa dini

Lachisanu lapitali titatuluka mumzikiti pa Nchalo, dzuwa likuswa mtengo, bambo ena achikulire anandigwira dzanja n'kunena pagulu kuti ife a ku Joni tinagulitsa dini ndi marandi. Chifukwa chake akuti mlamu wanga anagona masiku 6 asanaikidwe. Ndinangoweramitsa mutu poti ndi akulu, koma mtima ukundiwawabe mpaka lero.

Bambo, mlamu anagwa pamwamba pa nyumba imene ankamanga ku Durban. Kumeneko munthu akafa pangozi, mtembo umakhala m'manja mwa boma mpaka dokotala ataupima, ndipo palibe shehe amene angautulutse. Ine ndi amene ndinkakhala pabenchi la kumochale, sanda ili m'jumbo pamiyendo panga, foni ikungolira. Inu a kumzikiti mukuti ikani lero, Chisilamu sichigoneka maliro. Akuchikazi ku Bangula akulira kuti thupi libwere, ng'ombe agulitsa. Koma kuti lidutse Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza, liyenera kubayidwa mankhwala, zimenenso mukanatidzudzula nazo. Tsiku lomwe anatipatsa mtembo tinasambitsa, tinaswalira jeneza (pemphero la maliro), tinaika komweko dzuwa lisanalowe. Tinalakwa pati?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha mlongo wanga, mkazi wa malemu. Nika yawo, ukwati wa Chisilamu, anamangitsa kuno, mboni zinalipo, mahari (mphatso ya mkwati kwa mkwatibwi) anaperekedwa, koma pepala ayi. Titapita kwa abwana a malemu kukafunsa za chipukuta misozi, funso linali limodzi: chikalata cha ukwati chili kuti? Ana atatu, zaka 11 m'banja, koma pamaso pawo anali mayi wongodutsa. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula mu June 2022 kuti kusazindikira maukwati a Chisilamu n'kulakwa, komatu chigamulo sichingakulembere pepala limene sunalitenge. Kuno kwathu lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kuchipembedzo, nanga ndi angati amene amalembetsa? Mashehe a ku Durban amatiuza kuti lembetsani nika kuboma, lembaninso wilo yonena kuti chuma chidzagawidwe mwa Chisilamu, apo ayi lamulo la dzikolo lidzagawa m'njira yake. Mukamva zimenezi mumati tatengera za Azungu.

Nkhaniyi sinayambe ndi ife. Akadaulo a Shariya akhala akuikambirana kwa zaka, momwe Msilamu angakhalire m'dziko limene malamulo ake si a Chisilamu. Bungwe la European Council for Fatwa and Research, lomwe linakhazikitsidwa mu 1997, linafika pololeza mu 1999 ngongole ya chiwongoladzanja yogulira nyumba yokhalamo ngati njira ina palibe. Ena anatsutsa kwambiri, inenso sindingaitenge, koma anakhala pansi n'kuona kaye vuto la anthu. Surah Baqarah ndime 173 ikunena kuti amene wakakamizika kudya choletsedwa, asakuchifuna komanso osapyola malire, alibe tchimo. Dharura, kukakamizika kotereku, ili m'Buku momwemo, sitinaitole pamsewu.

Namondwe wa Freddy ataononga kuno ku Chigwa mu 2023, marandi omwewa munawalandira ndi manja awiri, palibe anafunsa kuti Ijuma, pemphero la Lachisanu, timaswali bwanji pamene abwana amangotipatsa mphindi 30 za nkhomaliro. Mlongo wanga ali ku Bangula, akugulitsa makakana pamsika kuti ana adye. Ndalama za malemu sizinatulukebe, ndipo mwa onse amene anali mboni pa nika ija palibe amene wapita kukamufunsa kuti kalata imene ikufunika ndi yotani.