Bwalo likakana kumva mlandu wako

Ku America, munthu amene wagundidwa ndi galimoto ya positi sangasume kubwalo la m'dera lake monga angachitire ndi dalaivala wamba. Lamulo la Federal Tort Claims Act la 1946 limati mlandu wofuna chipukutamisozi ku boma lalikulu la dziko lonse, lomwe positi ili pansi pake, uzengedwe m'mabwalo a boma lalikulu okha, woweruza agamule yekha, ndipo wosumiridwa akhale dziko la United States, osati nthambi kapena wantchito wake. Asanafike kubwaloko, wovulalayo ayenera kuyamba wadandaula ku nthambi yokhudzidwa pasanathe zaka 2, kawirikawiri pa fomu ya SF-95 pomwe amalembapo ndalama yeniyeni imene akufuna, kenako adikire kukanidwa kapena kuti miyezi 6 ithe. Mu 1993 Bwalo Lalikulu kuposa onse m'dzikolo (Supreme Court) linagamula kuti mlandu wa McNeil, yemwe analibe loya, utayidwe chifukwa anathamangira kubwalo nthambi isanamuyankhe.

Ndondomekoyi sindikuyida, pakuti chisanafike chaka cha 1946 munthu wovulazidwa ndi boma ankachita kupempha aphungu a Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, kuti amupangire lamulo lakelake lomulipira. Chimene chimandiwawa ndi ndime ziwiri za m'lamulo lomweli. Imodzi imati boma silisumiridwa pa zimene akuluakulu ake asankha mwa nzeru zawo pogwira ntchito, ndipo inayo imati silisumiridwa pa kuvulala kochitikira kunja kwa dziko.

Pa 7 Ogasiti 1998 bomba linaphulika pa ofesi ya kazembe wa America mu Nairobi n'kupha anthu oposa 200, ndipo mwa iwo Aamerika anali 12 okha. Ochuluka anali Akenya, ena ali m'nyumba yoyandikana ya Ufundi imene inagwa, ena akungodutsa pamsewu, ndipo ena mwa ovulala anachita khungu ndi magalasi osweka. Kazembe Prudence Bushnell anali atachenjeza kale akuluakulu ake ku Washington kuti ofesiyo ili pamalo oopsa. Akenya atasuma kuti boma linalekerera chitetezo, bwalo la apilo la ku Washington mu 2003, pa mlandu wa Macharia, linavomereza kuti mlanduwo utayidwe. Silinanene kuti boma silinalakwe. Mwa zina, linati kusankha malo a ofesi ndi kukonza chitetezo ndi nkhani ya nzeru za akuluakulu, choncho bwalo lilibe mphamvu yoyiunika. Chaka chotsatira, pa mlandu wa Sosa, Bwalo Lalikulu linatseka khomo linalo ponena kuti kuvulala kukachitikira kunja, zilibe kanthu ngakhale cholakwacho chitakonzedwera mkati mwa America.

Oikira kumbuyo ndimezi amati oweruza sayenera kulowerera ntchito za boma, komanso dziko lisaweruzidwe ndi malamulo achilendo. Mfundoyi ndikuimva, koma boma lomwelo likasumiridwa kubwalo la dziko lina nthawi zambiri limadzitchinjiriza ndi chitetezo chimene maboma amapatsana. Mkenya uja kwawo auzidwa kuti America sikhudzika, ku Washington auzidwa kuti anavulalira kutali. Ine ndikuona kuti aphungu a Congress, amene anatsegula khomo mu 1946, ayenera kusintha ndime ya zakunja kuti pamene cholakwa chinachitikira m'maofesi a ku Washington, bwalo la ku Washington likhale ndi mphamvu yomva umboni.