Paini si mtengo wa ku Salima

Anthu ena abwera ndi galimoto yodzaza mbande za paini n'kuzidzala m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay, ati akubwezeretsa chilengedwe. Paini! Ku Salima kuno! Zandipsetsa mtima kwabasi.

Paini wa patula ndi mtengo wa kumapiri. Kwawo ndi ku Mexico, m'mapiri ozizira a nkhungu, otalika mamita oposa 1,500. Ife kunyanja kuno tili pa mamita pafupifupi 500 okha. Ndiye chifukwa chake amakula bwino ku Chikangawa, ku Dedza ndi paphiri la Zomba, osati mumchenga wotentha uno. Mizu yake imadalira bowa wina wam'nthaka kuti ikoke madzi ndi chakudya, mpake a nazale odziwa ntchito amasakaniza m'machubu dothi lotapa pansi pa apaini akuluakulu. Bowayo kuno amupeza kuti? Dzuwa la Okutobala likafika mbande zija zifiira, chiswe n'kudzamaliza. Safunsa anadya phula.

Ngakhale atapulumuka, nyama zathu zipindulanji? Kwawoko njere zake amadya agologolo ndi mbalame, kumeneko ali ndi ntchito. Kuno alibe. Mungu wake umayenda ndi mphepo, njuchi sizipezapo timadzi ta uchi. Chipatso palibe. Masamba ake osongokawo amaunjikana pansi, sawola msanga, udzu umalephera kumera, ndipo moto ukalowa umanyeketsa zonse. Paphiri la Mulanje paini yemweyu anafalikira yekha n'kumalanda malo a mitengo yachilengedwe, mpaka anthu anachita kumudula. Ndiye wina amubweretse kunyanja?

Mitengo yakwathu ilipo. Mkuyu umodzi umadyetsa mileme, apusi ndi mbalame zosawerengeka. Msangu umayoyola masamba m'dzinja, chimanga n'kumakula pansi pake, nyemba zake mbuzi ndi ng'ombe zimalimbirana m'chilimwe. Bwemba, masau, mbawa m'mbali mwa mitsinje. Njovu za ku Thuma ndi ku Nkhotakota zimakhalira tsamba la mombo ndi mtondo, paini sizimudziwa. Koma ayi, ena akangomva kuti matabwa ali ndi ndalama basi mutu wazungulira.

Ndipo khalidwe lodzala mitengo pofuna zithunzili litheretu. Chaka ndi chaka, nyengo yodzala mitengo ikayamba pa 15 Disembala, makasu atsopano, malaya ofanana, kujambulitsa, kenako onse balala. Dzenje losafika ndi masentimita 30 omwe, ena kukwirira mbande ndi chubu chake chomwe. Wotchinga mbuzi palibe, wopalira palibe, wolambula moto palibe. Mu Ogasiti adzazithirira ndani?