Inu a “ndi penti chabe”, diso losinthira muli nalo?

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka tinali ku paintball ndi anzathu, masewera oomberana timipira ta penti ndi mfuti za mpweya. Masewera ali mkati, timipira tikulira cha m'makutu, bambo wina wamkulu ndithu, wandevu zake, anagwada kuseri kwa matayala n'kukweza chigoba choteteza nkhope pachipumi. Ati galasi lachita nthunzi, akufuna alipukute ndi malaya. Refa anakuwa n'kuimitsa masewera pomwepo. Bambo aja m'malo mopepesa anayamba kukalipa, ati refa akutidyera nthawi imene talipira, ati izi si zipolopolo, ndi penti chabe. Anthu n'kumaseka, ena mpaka kumunyogodola refayo ngati ndiye wolakwa.

Penti chabe! Inu, penti chabe?

Zoona, m'kampirako muli utoto wosapha munthu, wochoka ndi madzi, ndipo khungu lake ndi la gelatin ngati la kapisozi. Mpaka pamenepo palibe akutsutsa. Koma kampira ka magalamu 3 kameneka sikaponyedwa ndi dzanja ayi. Kamakankhidwa ndi mpweya wopanikizidwa m'botolo, ndipo kamatuluka pa liwiro lofika mapazi 300 pa sekondi, kuposa makilomita 300 pa ola. Amenewo ndiwo malire ovomerezeka, n'chifukwa chake pamalo olongosoka mfuti iliyonse amayamba aiyeza liwiro musanalowe m'bwalo. Kakakupeza pantchafu umangoti mayo, n'kutsala ndi mkwingwirima woti ukaonetse anzako mawa mukuseka. Kakakupeza padiso palibe amaseka. Mpira wamiyendo ukakumenya kumaso, fupa lozungulira diso limalandirako mphamvu chifukwa mpirawo ndi waukulu. Kampira ka paintball ndi ka mamilimita 17, kakang'ono kuposa diso lenilenilo, choncho kamadutsa fupa lija osalikhudza n'kukafikira padiso penipeni. Magazi amadzaza m'kati, retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso komwe timaonera, imamatuka, nthawi zina disolo limaphulika kumene. Zimenezo sizichoka ndi madzi.

Ndiye ndikamamva anthu akutamanda kuti paintball ndi masewera otetezeka, abwino kwa banja, abwino kwa ogwira ntchito pamodzi, ndimavomera. Ndi otetezeka, inde. Ine ndimawakonda, ndipo ambiri amene ndawaona akutsimphina potuluka m'bwalo amakhala kuti abinya phazi pothamanga, osati kuomberedwa. Koma chimene chimawateteza masewerawa ndi chigoba. Si penti, si ubwenzi wa amene mukusewera nawo, si kuti “sitikulimbana zenizeni”. Ndi chigoba basi. Chotsani chigoba, zotsalazo ndi anthu akuomberana kumaso. Madokotala a maso anazinena kalekale: amene amavulala diso ndi paintball, ambiri amakhala oti sanavale chigoba kapena anachivula masewera asanathe. Mawu oti “otetezeka” tinangowamva theka n'kuthamanga nawo, theka linalo tinalisiya pa benchi pamodzi ndi chigobacho.

Kaya ndi matama, kaya ndi thukuta, kaya ndi kufuna kuti atsikana akuoneni nkhope, zimenezo ndi zanu. Chigoba sichivulidwa m'bwalo. Chachita nthunzi? Imika dzanja, itana refa, akutulutse. Waomberedwa kale, watuluka m'masewera? Chigoba chikhalebe kumaso mpaka utadutsa ukonde, chifukwa kampira kosochera sikafunsa kuti uyu wafa kale kapena ayi. Wezulo yalira, masewera atha? Dikira mfuti zonse zivalitsidwe kathumba kotseka kukamwa, chifukwa nthawi zonse pamakhala mmodzi amene chala chimamuyabwa. N'chovuta chiyani pamenepa? Ana amamva lamulo limeneli kamodzi n'kulisunga. Otsutsa amakhala akuluakulu, amene amaona ngati kulipira pakhomo kwawagulira ufulu wophunzitsa refa ntchito.

Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Ndipo mukudziwa kumene mfuti zimenezi zinachokera? Masewera oyamba anachitika mu 1981 ku Henniker, m'chigawo cha New Hampshire ku America, amuna 12 m'nkhalango, atanyamula mfuti yotchedwa Nel-Spot 007. Mfutiyo sinapangidwire masewera. Inali yoikira chizindikiro pamitengo ndi pa ng'ombe munthu uli patali. Khungwa la mtengo ndi chikopa cha ng'ombe, ndiye inu mukutchera diso lanu! Kuchokera nthawi imeneyo anthu akhala pansi, ayeza magalasi, mpaka akhazikitsa muyezo wa zigoba wotchedwa ASTM F1776, kuti galasi lipirire kumenyedwa ndi timipira timeneti. Ntchito yonseyo kuti inu mudzachikweze pachipumi ngati kapusi. Ndipo magalasi a dzuwa si chigoba, a kusukulu si chigoba, osambirira si chigoba. Ndanena.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti tsiku limene diso lidzaphulike, omwewa ndi amene adzayambe kulira kuti paintball ndi yoopsa, itsekedwe, ana asamapiteko. Omwe ankaseka refa ndi amene adzaloze refa chala. Ndipo iwe amene unakoka chala uli kutali, osadziwa kuti kuseri kwa matayala kuli nkhope yosavala, udzasenza chikumbumtima moyo wako wonse pa mlandu woti si wako. Wovula chigoba sadziika yekha pangozi, amatisandutsa tonsefe ovulaza anthu. Ine ndinabwera kudzasewera, sindinabwere kudzaboola munthu diso.

Zithunzi nazonso zikutiwonongera. Tsegulani Facebook kapena Instagram muone: gulu laima m'bwalo, zigoba pachipumi, mfuti zopanda kathumba zalozetsedwa kwa wojambula, aliyense mano pamtunda. Mwana akaona chithunzi chimenecho aphunzirapo chiyani? Aphunzira kuti chigoba n'chovala amantha.

Koma nanunso eni malo a paintball musabisale kumbuyo kwa nkhaniyi. Mumatipatsa zigoba zokalikakalika, galasi loti kuona mnzako ali patsogolo pako n'kosatheka, lamba wake wotha mphamvu, siponji yam'kati ikununkha thukuta la munthu wa dzulo. Magalasi osachita nthunzi alipo, a magawo awiri aja, mukuwadziwa bwinobwino. Galasi long'aluka mumaliona pochapa, koma mumalibwezera pa shelefu kuti livalidwenso mawa. Malamulo mumawanena mothamanga, anthu theka ali pafoni, n'kutisainitsa pepala loti tikavulala si mlandu wanu. Timipira mumawerenga kamodzikamodzi polipiritsa, koma zigoba munazisintha liti?