Musanatumize mwana ku France, muphunzitseni kulankhula patebulo

Makolo anzanga, makamaka inu a ku Joni ndi ku Mangalande amene ana anu ayamba kubwera kunyumba ndi mafomu, ndiloleni ndiikepo maganizo anga pa nkhani yotumiza mwana wa zaka 16 kapena 17 kukakhala chaka chonse cha sukulu m'mabanja a ku France. Ine ndinapitako pa msinkhu umenewo. Mafunso amene mumandifunsa sasintha: zimadya ndalama zingati, kumazizira bwanji, kodi sakaphunzirako mowa. Za chakudya chamadzulo palibe amafunsa, chonsecho mwana wathu amakapunthwa pamenepo.

Choyamba mudziwe kuti mabanja amenewa ndi otani. Mabungwe odziwika pa ntchitoyi ndi monga Rotary, yomwe imatumiza ana a zaka 15 mpaka 19, ndi AFS, yomwe mizu yake ili ku France komweko, pakuti anaiyambitsa ndi anyamata a ku America amene ankayendetsa maambulansi pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, ndipo mu 1947 m'pamene inayamba kusinthanitsa ana a sukulu. M'mabungwe awiriwa, banja lolandira mwana sililipidwa. Limam'patsa chipinda, limam'dyetsa, limam'tenga popita kwa agogo awo, zonsezi kuchokera m'thumba mwawo. Ndiye dzifunseni, akufunapo chiyani? Akufuna kumudziwa mwanayo. Akufuna amve kuti kwathu mvula imagwa liti, sukulu zimayenda bwanji, iyeyo akuganiza chiyani za dziko lawo. Mwana akangokhala duu, ndiye kuti wawamana chokhacho chimene anamuitanira.

Tsono taonani mmene ife timalerera. Mwana wabwino sayang'ana wamkulu m'maso. Sajijirika pa nkhani za akuluakulu. Akafunsidwa chimene akufuna kudya amati "chilichonse," akafunsidwa ngati ali bwino amati "ndili bwino" ngakhale mutu ukuwaza. Akamaliza kudya amathokoza n'kuzemba kuti akulu atsale ndi nkhani zawo. Ulemu umenewu ndi wabwino pamalo pake, ndipo sindikuunyoza. Koma mayi wa ku France akaona mwana wotere m'nyumba mwake, sanena kuti waleredwa bwino. Amaganiza kuti mwanayo akudwala, kapena sakuwafuna, kapena chakudya chikumunyansa. Mayi wa m'banja langa loyamba ankagogoda pachitseko changa usiku n'kufunsa ngati andilakwira. Ine n'kuti ndikudziona ngati mwana wa chitsanzo.

Chakudya chamadzulo kumeneko ndi msonkhano wa banja. Cha m'ma 8 koloko aliyense amakhala pansi, wailesi yakanema yozimitsa m'nyumba zambiri, foni kutali. Amayamba ndi kachakudya kopepuka monga supu kapena saladi, kenako chakudya chenicheni, kenako tchizi, pomaliza yogati kapena chipatso, buledi ali pambali kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sizibwera nthawi imodzi, choncho sungadye mothamanga n'kuthawa. Lamlungu masana, agogo akabwera, mutha kukhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Nkhaniyi amaitenga mwamphamvu moti mu 2010 UNESCO inaika kadyedwe ka chikondwerero ka anthu a ku France pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa padziko. Ndipo nthawi yonseyo pakamwa sipapuma. Mwana wa zaka 14 amatsutsana ndi bambo ake za boma, za sitiraka ya ogwira ntchito m'sitima, za misonkho, mawu n'kukwera ndithu, kenako wina n'kupempha kuti amupatsire tchizi ngati palibe chachitika. Poyamba ndinkadikira kuti wina alandira mbama. Sanalandire. Bambowo ankaoneka onyadira.

Kukonda mtsutso kumeneku amakuphunzira kusukulu. Sekondale yawo ya zaka zitatu zomaliza, imene amaitcha lycée, imatsegulira kumayambiriro kwa September, maphunziro kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 kapena 6 madzulo, kupatula Lachitatu masana pomwe ambiri amapuma. Malikisi amawerengera pa 20, ndipo aphunzitsi ndi ouma manja, moti mwana wanu wozolowera 80 pa 100 akabwera ndi 12 musakomoke. M'chaka chomaliza amaphunzira filosofi, ndipo pa mayeso omaliza sekondale otchedwa baccalauréat, amene alipo kuyambira 1808 m'nthawi ya Napoleon, mwana amakhala maola anayi akulemba pa mutu umodzi, kuunika mbali iyi ndi iyo asanaime pa maganizo ake. Dziko lophunzitsa ana motere silingasangalale ndi yankho lakuti "chilichonse."

N'chifukwa chake ndikuti, miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike, yambani kumulola mwana kukutsutsani pakudya. Mufunseni maganizo ake pa nkhani ya m'nyuzi, ndipo akayankha zosemphana ndi zanu musamudzudzule kuti wayamba mwano. Aphunzire kunena kuti "ichi sindichikonda" popanda kunjenjemera. Chifalansa chothyokathyoka si vuto. Iwo amakukonza pomwepo, mawu ali m'kamwa, ndipo zimawawa masabata oyamba, koma ndi mmene chinenero chimalowera. Chimene sakhululuka ndi kulowa m'sitolo kapena m'chipinda osapereka moni.

Pa nkhani ya chipembedzo pakufunikanso mwana wolankhula. Boma ndi mpingo zinasiyanitsidwa kumeneko mu 1905, ndipo lamulo la 2004 limaletsa zizindikiro zoonekera kwambiri zachipembedzo m'sukulu za boma, kaya ndi mpango wa Chisilamu kapena mtanda waukulu. Kusukulu kulibe pemphero la m'mawa. M'nyumba zambiri palibe wodalitsa chakudya, ndipo Lamlungu m'mawa ndi nthawi yopita kumsika kapena yogona. Mwana wathu wakwaya akangokhala chete, atha chaka osaponda m'tchalitchi, mtima ukumupweteka, banja osadziwa kanthu. Koma akanena sabata yoyamba kuti amapemphera, anthu omwewo osapemphera ndi amene amadzuka kukamusiya pagalimoto. Ine zinandichitikira choncho.

Tsopano mfundo imene ambiri mundikana. Ku Rotary mwana sakhala banja limodzi chaka chonse, kawirikawiri amadutsa m'mabanja awiri kapena atatu. Makolo akamva izi amati mwana si katundu woti azingosamutsidwa. Ndikumvetsa, ndipo kusamukako kumawawa ndithu. Kwa ine kusamuka koyamba kunafika Khirisimasi itangodutsa, nthawi imene kudera la Angers, mzinda wa kumadzulo kwa France, umapita kusukulu kudakali mdima, pofika 6 koloko madzulo kwada kale. Wangozolowera kumene fungo la nyumba, wadziwa pamene amasunga shuga, basi longeza. Komabe ine ndili kumbali ya kusamuka. Banja langa loyamba linali la aphunzitsi a m'tauni, nyumba yodzaza mabuku. Lachiwiri linali la alimi a ng'ombe zamkaka kumudzi, odzuka mbandakucha, osakonda Paris ngakhale pang'ono, ndipo kumeneko ndinaona azungu akudandaula mtengo wa mkaka mofanana ndi mmene amalume anga amadandaulira mtengo wa fodya. Lachitatu linali la mayi wolera yekha ana m'nyumba zosanjikizana, makolo ake ochokera ku Algeria, ndipo Lamlungu tinkadya couscous, chakudya cha tirigu cha kumpoto kwa Africa. Ndikanakhala banja loyamba lokha, bwenzi lero ndikukuuzani molimba mtima kuti anthu onse a ku France amawerenga mabuku pakudya kadzutsa. Kusamuka kumachiritsa bodza limenelo. Kumapatsanso mwana mwayi woyambiranso: amene anafika wamanyazi mu September amalowa m'nyumba yachitatu akudziwa kale kuseka ndi kuseketsa m'chinenero chawo.

Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye timamusamala osamulola kugwira ntchito. Mwana wanu sakupita kukakhala mame. Pakatha masiku ochepa ayembekezere kuchotsa mbale patebulo, kuyala bedi lake, kutaya zinyalala m'mabini osiyanasiyana malinga ndi mtundu wake. Izi ndi za anyamata ndi atsikana omwe. Amene amavutika kwambiri ndi ana a m'nyumba zokhala ndi antchito, osati ana ochokera movutikira.

Za khungu sindibisa. Ukanena kuti Malawi, ambiri amamva Mali, ndipo amadabwa kuti munthu wa ku Africa sadziwa Chifalansa. Kumudzi anthu amakuyang'anitsitsa. Nthawi zambiri ndi chidwi chabe, koma nthawi zina ndi tsankho lenileni, ndipo mwana amadziwa kusiyana kwake. Apa onetsetsani kuti bungwe lamupatsa munthu wamkulu wa kunja kwa banjalo amene angamuimbire zinthu zikavuta, ndipo inunso mukhale ndi nambala yake. Bungwe limene likulephera kukuuzani munthu ameneyo ndani, musalipatse mwana wanu.

Za mowa zomwe mumaopazo, lamulo lawo limaletsa kugulitsa mowa kwa wosafika zaka 18, ndipo Rotary ili ndi malamulo anayi odziwika: osamwa, osayendetsa galimoto, osagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, osachita zibwenzi. Wophwanya atha kubwezedwa kwawo chaka chisanathe. Moni wopsompsonana m'masaya, kawiri ku Paris, katatu ku Montpellier, kanayi m'madera ena, amauzolowera sabata imodzi.

Chomaliza chikukhudza inu eni, amayi makamaka. Nthawi ya ku France imafanana ndi ya ku Lilongwe ndi Johannesburg m'miyezi yawo yotentha, ndipo m'miyezi yozizira imatsalira ndi ola limodzi lokha. Ndiye inu mukamaliza kudya n'kuti timuimbire mwana pa WhatsApp, foniyo imalira iye atangokhala patebulo, kapena tchizi chisanafike. Amanyamuka, amakadzitsekera kuchipinda ola lathunthu akulankhula Chichewa ndi kulira, banja lija likuyang'ana mpando wopanda munthu. Mukatero tsiku ndi tsiku, mwataya ndalama zanu. Gwirizanani tsiku limodzi pa sabata. Ndipo asananyamuke, mnyamata kapena mtsikana, aime pamoto mpaka adziwe kuphika nsima yopanda mibulu ndi masamba otendera, chifukwa tsiku lina adzamupempha kuti aphike za kwawo. Ufa woyera umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa m'mizinda ikuluikulu, koma mthiko mumuikire m'chikwama.